Mphaka wa a NyaGondwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinasamutsa munthu wamkulu panyumba ndi pakamwa pangapa. Nthawiyo n'kuti nkhani ya matipate ili m'kamwam'kamwa, ife tikukhala ku Nsungwi, mu Area 25, m'nyumba za lendi zamdadada. Zitseko zinali zinayi, denga limodzi la malata, bafa ndi chimbudzi kuseri. Siling'i munalibe, ndipo khoma lotilekanitsa ndi anzathu silinkafika kudenga. Munthu akatsokomola uko, kuno tinkadziwa ngati chifuwa chake chili chouma kapena cha makhololo.

Ife kwathu ndi ku Dedza. Khomo loyandikana ndi lathu linali la a NyaGondwe, mayi wamasiye wa ku Rumphi, telala wa mayunifolomu a sukulu. Ankakhala okha poti ana awo anali atakula, aliyense ali kwake. Tsiku lonse ankapalasa makina pakhonde, uku akuimba nyimbo za kutchalitchi m'Chitumbuka. Mphaka anamuweta chifukwa cha makoswe amene ankawaboolera nsalu za eni ake. Anali wamkazi, wotuwa, ndipo dzina analibe. Ankangoti pusi.

Mphaka uja atakula, nthawi yofuna amuna itamukwana, anayamba kulira. Amene anamvapo mphaka wamkazi akulira motero akudziwa kuti salira ngati mphaka, amalira ngati khanda. Ankakwera pamwamba pa khoma lija n'kumalira pamitu pathu mpaka kucha. Akasiya masiku angapo tinkati zatha, kenaka n'kuyambiranso. Abambo, amene ankalawirira ku ntchito ku Kanengo, ankangong'ung'udza n'kufunda bulangete kumutu. Amayi ndiwo zinkawalasa mtima, chifukwa panali patangopita miyezi isanu chiikireni mng'ono wanga Tadala, amene anamwalira asanayambe n'kukhala komwe. M'mawa ndinkawapeza ali pamkeka, maso ali psu, tiyi akuzizira m'kapu.

Tsono amayi anakulira kwathu kumene munthu wamkulu sumuuza cholakwa chake pamaso. Umazungulira, umaponya mawu pambali, iye n'kutola yekha. A NyaGondwe akawapatsa moni wa m'mawa, amayi ankayankha kuti, "Tadzuka, kaya tinene kuti tadzuka, poti tulo masiku ano tinasamuka pakhomo pano." Ku Dedza mawu amenewo ndi mlandu wathunthu. Koma a NyaGondwe anali munthu woti akafuna chinthu amachitchula dzina, ndipo ankayembekeza kuti ena nawonso amatero. Iwo anamva kuti amayi akudwala. Tsiku lina anabweretsa jinja ndi mandimu, tsiku lina anabwera kudzawapempherera. Amayi akamasesa pabwalo ankauza tsache kuti ziweto zina n'zofunika kumudzi osati m'tauni, a NyaGondwe n'kumavomereza ndi mtima wonse poganiza kuti akunena nkhuku za eni nyumba. Kulirako ankakumva ndithu, koma kwa iwo anali mphaka chabe.

Ine zinkanditentha mtima. Amayi ankanka naonda, kwinaku khomo linalo nyimbo zili pakamwa.

Loweruka lina ndinapita kukatunga madzi kumpopi. Mzere wa ndowa unali wautali ndipo azimayi ankacheza podikira. Mayi wina amene tinkamuti amake Joji anandifunsa kuti, "Iwe Esinati, khanda limalira kwanu lija ndi la ndani? Paja amako alibe mwana wamng'ono."

Ndikanatha kungoti ndi mphaka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndinkafuna kuti winanso amve kuwawa. Ndinati, "Ndi mphaka wa a NyaGondwe. Amalira ndendende ngati Tadala wathu. Ndipo anayamba Tadala atangomwalira."

Mawu omalizawo anali bodza, ndipo ndinkadziwa chimene ndikuchita. Mwana wa ku Nsungwi wa msinkhu umenewo ankadziwa zimene anthu amaganiza za mayi wokhala yekha, wochokera kutali, woweta mphaka. Azimayi aja anayang'anana, madzi n'kumasefukira m'ndowa popanda wotseka mpopi. Ndinabwerera kunyumba ndikudzimva wamkulu.

Sabata isanathe, anthu anayamba kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Wina ankati wasintha maganizo, wina osapereka n'chifukwa chomwe. Ana ankadutsa pakhonde paja chothamanga, ena n'kuponya miyala padenga, denga lomwe linali lathunso. Kenaka azibambo atatu anapita kwa eni nyumba, a Kamwendo, kukanena kuti sangakhale ndi mfiti pafupi. A Kamwendo za ufitizo sankazikhulupirira kwenikweni, koma malata awo ankawakonda. Anauza a NyaGondwe kuti mwezi ukatha apeze kwina.

Amayi anamva zonsezi kwa amake Joji, amene anabwera kudzawapepesa pa zimene "mwana waulula". Mlendoyo atapita, anandiitana. Ndinkayembekeza chikoti, koma anangondifunsa kuti, "Unanena chiyani kumpopi? Unene momwe unanenera."

Ndinanena. Anamanga chitenje, n'kundigwira pamkono. Kuchoka pakhomo pathu kufika pa a NyaGondwe anali mapazi asanu okha. Dzuwa linali litapendeka, ndipo kwa nthawi yoyamba makina aja anali m'nyumba. Titaodira, anatilowetsa. M'nyumbamo munkanunkha mafuta a makina ndi nsalu zatsopano, mphaka ali gone pampando. Amayi anakana mpando wina umene anapatsidwa, n'kukhala pansi.

"A NyaGondwe, amene wayambitsa nkhani ikuyendayi ndi mwana wangayu, koma wolakwa weniweni ndine," anatero amayi. "Mphaka wanu akamalira, ine ndimamva Tadala. Mwezi wathunthu sindigona. Ndinalephera kukuuzani."

Sindinawamvepo amayi akulankhula mosazungulira chotero. A NyaGondwe anavula magalasi n'kuwaika pamakina.

"Amama, mwezi wathunthu? Khomo langa ili, lanu ilo. Mukanangoti, NyaGondwe, pusi wako akulira ngati mwana wanga, ine ndikanamuchotsa tsiku lomwelo. Inenso ndinaikapo khanda. Nanga ine ndimabwera ndi mandimu ngati wopusa."

Amayi anayamba kulira, a NyaGondwe n'kutsika pampando kudzakhala nawo pansi. Amayi anandikodola kuti ndipepese. Ine ndinangoyang'ana simenti, osapepesa.

M'mawa mwake a NyaGondwe anaika mphaka m'katoni yoboola, n'kukwera naye minibasi kukamusiya kwa mchimwene wawo ku Chigwirizano. Loweruka amayi anapita nane kumpopi, n'kundiimika pakati pa ndowa kuti ndibweze mawu anga. Ndinanena mokweza kuti ndinanama, kuti mphakayo anayamba kulira patapita miyezi yambiri Tadala atamwalira. Azimayi anagwedeza mitu mwaulemu. Tisanafike n'komwe kunyumba, nkhani inali yoti mwana uja amuopseza. Kusowa kwa mphaka nakonso kunasanduka umboni, akuti wamubisa poona kuti anthu adziwa.

Abambo anapita kukalankhula ndi a Kamwendo, ndipo iwo analola kuti a NyaGondwe akhalebe. Koma telala amadya za m'manja mwa anthu, ndipo anthu anali atasiya kubwera. Amayi anayesetsa. Ankakhala nawo pakhonde masana onse kuti odutsa aone, n'kupitanso nawo limodzi kumsika. Anawapatsa ngakhale zovala zathu zosang'ambika kuti azikonze. Sizinathandize, ndipo mwezi wotsatira a NyaGondwe anamanga katundu okha.

Tsiku losamuka kunabwera galimoto yaing'ono ya bokosi. Makina anawakweza komalizira, atawakulunga m'bulangete, ndipo anthu ankaonerera ali pataliko, manja ali m'chiuno. A NyaGondwe anatsazika abambo, n'kukumbatirana ndi amayi. Atafika pa ine anandipatsa moni wa manja awiri ngati munthu wamkulu, n'kunena kuti, "Usale bwino, Esinati. Uziwasamala amama." Chikoti chikanandipweteka pang'ono poyerekeza ndi moni umenewo. Apanso sindinapepese.

Kwa zaka zambiri ndinkadziimba mlandu ndekha, ndipo mlanduwo ndi wangadi. Koma tsopano ndikuona kuti ulemu wa amayi ndi ukali wanga zinagwira ntchito imodzi. Nkhani imene akuluakulu awiri akanaithetsa pakhonde m'mawa umodzi inasiyidwa pansi mpaka mwana anaitola n'kupita nayo kolakwika. Lero ndili pakhomo panga ku Area 23. Galu wa aneba akandisowetsa tulo, kapena wailesi yawo ikapitirira muyeso, ndimakagogoda tsiku lomwelo, n'kutchula chinthucho dzina lake. Abale anga amati ndinataya khalidwe la kwathu, ndipo ine sindiwatsutsa.

A NyaGondwe sindinawaonenso. Tinangomva kuti patapita zaka zingapo anabwerera ku Rumphi. Kumpopi, pamaso pa anthu onse aja, mawu ankatuluka okha. Pamaso pa iwo, "pepani" mmodzi yekha anandikanika kawiri konse, ndipo mpata wachitatu sunapezeke.