Jenereta Yodziliza Yokha

Alamu anga, amene msewu wonse umawatcha a Sipanala, anakalambira pansi pa malole. Ukawapatsa moni ankakupatsa mkono, osati dzanja, poopa kukupaka girizi. Injini ikatsokomola kutali, iwo ankatsinzina n'kunena chimene chikuidwalitsa. Wina akati ndikuwakometsa poti anakwatira mlongo wanga, abwere tidzaonane pamaso.

Atapuma pantchito, magetsi anayamba kuthimathima. Mlongo wangayo ali ndi mphumu, ndipo kamakina kamene amapumirako mankhwala kamayendera magetsi. Zoti pakufunika jenereta panalibe wotsutsa. Mkangano unali pa mafuta.

Alamu ankafuna ya dizilo. Anali ataiona kale kwa mnzawo wa kugalaja: yakale, yolemera, yofunika kuimasula yonse n'kuimanganso. Anathira simenti kuseri kwa khitchini, kumangapo kanyumba ka malata, kusiya mpata wotulukira utsi. Masiku amenewo ankayenda akuimba mluzu.

"Ya petulo ndi chidole, alamu," ankatero. "Imalira ngati udzudzu. Ya dizilo ikadzuka, pansi pamamva."

Loweruka lina mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito kutali, anatulukira ndi amisiri ovala mayunifomu. Anabwera ndi ya gasi, yotsekeredwa m'bokosi loyera ngati firiji.

"Ababa, utsi wa dizilo ndi chifuwa cha amayi sizingagwirizane. Iyi ilibe phokoso, ndipo imadziliza yokha magetsi akangothima. Inu muzingopuma."

Ine mtima unawira. "Iwe, azingopuma? Bambo akowa wawayesa mpando?"

"Amalume, musandikalipire. Mukufuna amayi abanike?"

Apa mwanayo sananame. Amisiri anakhazika bokosilo pa simenti ya alamu, kulumikiza mawaya ndi paipi ya gasi, kenaka kuchenjeza kuti aliyense akalitsegula, kampani sidzabweranso kudzakonza. Alamu anawatengera zida zawo zonse. Mmodzi anangoti, "Zikomo madala, tili nazo zathu."

Kuyambira pamenepo magetsi akathima, alamu ankadzambatuka pampando, koma asanapeze n'komwe patapata, nyali zayaka kale. Ankakhalanso pansi. Manja awo anayera, zikhadabo mpaka kuwala. Ine ndinkachita manyazi kuwayang'ana.

Tsiku lina masana, mlongo wanga akupeza bwino ndithu, akusita zovala, alamu anazemba n'kukatseka kampopi ka gasi. Anandiuza okha madzulo a tsiku lomwelo. Ankangofuna kuti magetsi akathima, mkazi wawo aitane, "Abambo, tabwerani, chinthu chija chakana!" Iwo apite ndi zida, agogodegogode, atsegule kampopiko, basi nyali ngwee.

Magetsi anathimadi. Koma chinthucho n'chamiseche! Chinatumiza uthenga pafoni ya mwana uja. Mlongo wanga asanatsegule pakamwa, foni yake inalira: "Amayi, auzeni ababa asakhudze chilichonse, mmisiri akubwera." Alamu anaima pakhomo ndi zida m'manja mpaka mmisiri anafika n'kupeza kampopi kotseka.

M'mawa mwake mwanayo anabwera maso ali psuu. Tinakhala patebulo, alamu ali pomwepo.

"Amalume, ababa ayamba kuiwala. Atseka gasi, ndipo akuti sakukumbuka. Nanga mphumu ikanawagwira amayi nthawi imeneyo?"

Ndinafuna kukuwa kuti munthuyu mutu wake ukugwira kuposa wa tonsefe pano. Alamu anandiponda phazi pansi pa tebulo, mwamphamvu. Titatuluka panja anandigwira malaya.

"Alamu, zisiyeni. Bola aziti ndakalamba. Asadziwe kuti ndinaseweretsa mpweya wa amake chifukwa chofuna kuitanidwa."

"Ndiye mulole akuyeseni wozungulira mutu?"

"Zisiyeni, ndati."

Ine amene ndimalalatira ngakhale galu wodutsa, ndinawamvera. Sindinawakhululukire msanga, poti mpweya ankaseweretsawo ndi wa mlongo wanga. Komanso sindinawaulule.

Pakanyumba kamene alamu anamanga ndi manja awo pali loko tsopano, kiyi amasunga mlongo wanga. Kugalaja alamu sapitanso okha. Anthu a mumsewu akamalankhula nawo amakweza mawu n'kumabwereza ngati akuphunzitsa mwana. Sabata yatha mwana uja anapempha makiyi a galimoto, poti munthu woiwala sayendetsa. Ndinayang'ana alamu kuti mwina pano akana. Anapereka okha, ndi manja awiri.