Ndinavomera ku Chigayo Osayang'ana Kalendala

Masabata awiri apitawo, pa Chinayi, ndinali pamzere ku chigayo ndi thini langa la chimanga pamene Amake Joze anandikoka chitenje. Mayi ameneyu timaimba naye kwaya kuno ku Mpanshya. Mwana wanga wachitatu atadwala, ndiye anakhala nane kuchipatala masiku anayi. Munthu wotere mungamukanize chiyani?

"Amake Velo," anatero mokuwa chifukwa cha phokoso la injini, "pa Chiweru cha sabata ya mawa ana onse a atate adzakhala pamudzi. Wa ku Lusaka, wa ku Kitwe, ngakhale uja wa ku Chipata amene tinamuiwala nkhope. Adzafika pa Chisanu madzulo, pa Sondo m'mawa n'kubwerera. Tifuna Velo atijambule pamodzi ndi ba shikulu, atate athuwo. Chibadwire alibe chithunzi, koma kaja ka pa reji, chitupa cha boma. Ndipo mwawaona mmene afookera."

"Aa, zimenezo n'zazing'ono," ndinayankha. "Adzabwera."

Ndinasenza ufa wanga mtima uli mbee. Pofika kunyumba ndinapeza mbuzi zalowa m'dimba la repu, ndipo pozithamangitsa nkhani ija inagwera pomwepo.

Kwa amene simumudziwa, Velonika ndi mwana wanga woyamba. Amajambula zithunzi: maukwati, ubatizo, ana omaliza sukulu. Kamera anaigula ndi chimanga chimene analima yekha zaka ziwiri, ndipo ndimathokoza Mulungu tsiku lililonse chifukwa cha manja a mwana ameneyu.

Ntchito yake ili ndi kayendedwe kake. Pa Mande amakwera minibasi kupita ku Lusaka kukatsukitsa zithunzi. Pakati pa sabata amazungulira pa njinga kuperekera eni ake, chilichonse mu envulopu yake. Pa Chisanu sapita kulikonse, ngakhale mumuitane bwanji. Amatchaja mabatire pa sola, amapukuta galasi la kamera ndi kansalu kamene ine sindiloledwa kukhudza, amachapa malaya a ntchito. Koma tsiku lalikulu kwenikweni ndi Sondo masana. Tikachoka ku Misa n'kudya, amatsitsa kalendala pakhoma, amasongola pensulo, n'kukhala pa mpasa.

Ndipo amayamba ndi ine.

"Amama, tiyeni tiulule machimo," anatero Sondo imeneyo. "Mwandilonjeza kwa ndani sabata ino?"

"Kwa wina aliyense ayi," ndinatero. Kenaka phokoso la chigayo linandibwerera m'makutu. "Koma Amake Joze chabe. Pa Chiweru."

Velo anangotembenuza kalendala ija n'kuika chala pa Chiweru. Panali patalembedwa kale, mwezi wathunthu wapitawo: ukwati ku Chinyunyu, teni koloko.

Mkwatibwi sakwatiwa kawiri kuti wojambula apezekepo. Nawo ana a ba shikulu Njobvu, amene atenga zaka zambiri osakhala pakhomo limodzi, ndani akudziwa ngati akadzakumananso nkhalambayo idzakhala ikadali pampando wake?

"Mulungu apereka njira, mwanangu," ndinatero ndi mawu ang'onoang'ono.

"Apereka, Amama. Koma anapanga Velo mmodzi. Mukanadzandiuza pa Chisanu chikubwerachi, tikanalira tonse. Manje ndi Sondo, tiyeni tiganize."

Apa ndiime pang'ono, abale anga, ndikuuzeni chimene chinali mumtima mwanga kwa zaka zambiri. Ine sukulu ndinalekeza Giredi Seveni. Ndinkaona ngati kulemba za mawa pa pepala ndi kupikisana ndi Mwini mawa. Timati "Mulungu akalola," basi nkhani yatha. Koma kodi ndi kangati pamene timatchula dzina lake pofuna kubisa kuti sitinakhale pansi kuganiza? Chikhala kuti Velo sakhala pa mpasa Sondo lililonse, ine ndikanakumbukira liti? Mwina pa Chiweru masana, banja lonse litavala, nkhalamba ili padzuwa ikuyang'ana kunjira.

Ndipo si ine ndekha. Kuno kwathu kukana munthu pamaso timakuyesa mwano. Mwini ng'ombe amavomera minda itatu m'mawa umodzi mvula yoyamba ikagwa. Telala amalandira nsalu za kwaya ndi za ukwati, zonse akuti zidzatha pa Chisanu. Tonse timamwetulira, tonse timati "musadandaule." Wodandaula amadzaoneka tsiku lenilenilo, ali chiimire pakhomo ndi mbewu m'manja. Mwano weniweni ndi uti pamenepa? Kunena kuti "dikirani ndikafunse kaye," kapena kumusiya mnzako akudikira munthu amene sabwera?

Velo anawerenga maola ndi pensulo. Kwa ba shikulu ndi theka la ola pa njinga. Dzuwa la m'mawa, akuti, ndilo labwino kuposa lamasana, chifukwa anthu satsinzina ndipo nkhope sizinyezimira thukuta. Akayamba sikisi koloko, hafu seveni atha. Adzapangana ndi wa njinga yamoto kuti amutenge komweko mpaka ku msewu waukulu kukakwera minibasi, ndipo adzanyamula mabatire awiri.

"Chatsala chimodzi," anatero akumwetulira. "Amene anavomera ku chigayo ndiye akanene za sikisi koloko."

Pa Mande ndinapita kwa Amake Joze. Ndinafotokoza zonse, osabisa kulakwa kwanga.

"Sikisi?" Amake Joze anagwira m'chiuno. "Ndi mphepo ya Juni ino? Amake Velo, mufuna kundiphera alendo? Uja wa ku Lusaka sadzuka asanamwe tiyi kawiri!"

"Adzamwa akajambulidwa."

"Nanga mkulu wanga wa ku Kitwe? Kupenta nkhope kokha ndi ola lathunthu."

Tikukangana choncho, ba shikulu anakhosomola pakhonde pamene anali kuwothera dzuwa. Ife timayesa agona.

"Ine ndimadzuka ndi nkhuku," anatero. "Amene safuna, tidzajambula mpando wake."

Nkhani inathera pomwepo.

Pa Chiweru ndinamuperekeza Velo, nditanyamula nsalu yotchinga kumbuyo. Tinafika mame akadali pa udzu. Ba shikulu tinawapeza atakhala kale pabwalo, atavala jekete lawo lakuda limene linawakulira, tayi atamanga mokhota, ndodo ili pakati pa miyendo. Ana awo ndiwo anali piringupiringu. Wina akufuna nsapato, wina akutsuka mwana kumaso, wa ku Kitwe akukuwa ali m'nyumba kuti amudikire.

"Ba anti, tulukani!" Velo anaitana. "Kamera yanga siona ufa wakumaso, iona mtima."

"Iwe mwana, ndinakusintha matewera ine!" anayankha, koma anatuluka akuseka.

Velo anawaika m'mizere, aatali kumbuyo, adzukulu pansi pa mphasa. Anakonza tayi ya ba shikulu atagwada. Dzuwa litangotuluka pamwamba pa phiri, anajambula. Hafu seveni isanakwane njinga yamoto inali italira kale pa njira, ndipo madzulo anandiuza kuti ku Chinyunyu anafika mkwatibwi asanamalize kuvala.

Ine ndinabwerera kunyumba wapansi, ndikuimba. Ndaphunzira mawu atsopano, ndipo pa msinkhu wanga si chinthu chapafupi. Dzana mayi wina anandiimitsa pa msika za ubatizo wa mdzukulu wake. Pakamwa panga panayamba kale kutseguka kuti ndivomere. Ndinadziluma lilime n'kunena kuti, "Ndikayang'ane pakhoma, ndidzakuyankhani mawa." Sanakwiye. Anangoti, "Chabwino." Zaka zonsezi ndinkaopa chiyani?

Dzulo, pa Chitatu, tinakapereka chithunzi. Velo anachitsukitsa chachikulu n'kuchiika mu felemu. Alendo onse anali atabwerera kale, pabwalo pali zii. Ba shikulu anachiika pa maondo. Maso awo saonanso bwino, choncho anachiyandikiza kumphuno, n'kuyamba kuyendetsa chala pa nkhope iliyonse, akutchula dzina. Ana asanu ndi mmodzi, apongozi, adzukulu, mpaka kakhanda kamene anakaona koyamba pa Chisanu chija. Sanaphonye ngakhale mmodzi. Amake Joze anatembenukira kumbali, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Atafika pakati, chala chinaima pa munthu wa jekete lakuda. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndakalamba ndithu," anatero. Kenaka anauza mwana wawo, Amake Joze, kuti, "Usachikhome pabalaza. Ukachikhome kuchipinda, kumiyendo kwa bedi langa, kuti ndikatsegula maso m'mawa ndizipeza onse abwera."