Ngalande ya ku Shedi ya Amayi

Fungo la paipi ya pulasitiki yongocheka kumene limandibwezera ku Romford, kudziko la Angerezi, chilimwe chimene ndinali m'kalasi yomaliza ku pulayimale. Tinkakhala m'kanyumba kopanikizana ndi tinzake, kuseri kuli kabwalo kaudzu kowonda ngati lamba. Amayi anali namwino wa mashifiti a usiku, ndipo masana tulo tinkawavuta. Mabasi ankagwedeza mawindo, khanda lathu Yamikani likulira. Choncho abambo anaganiza zosandutsa shedi ya kumapeto kwa bwalo kukhala chipinda chopumuliramo amayi, chokhala ndi getsi ndi hita.

Ku Blantyre abambo anali mmisiri wa magetsi. Kuno mapepala awo sankagwira ntchito, ndiye ankasamalira okalamba. Koma masabata amenewo ndinaona munthu wina. Ankaweruka n'kuvula yunifomu, kutenga fosholo, mluzu uli pakamwa. Anakumba ngalande kuchokera kukhitchini mpaka kushedi, dothi lake lamakande lomata ku nsapato. Anayalamo paipi, n'kulowetsamo waya wotuwa wophwatalala, uja amayendetsa m'makoma. Atakwirira, anandilola kubzala maungu pamwamba pake. Nthangala zake ndinapatsidwa ndi mayi wina kutchalitchi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkathamangira kukaona timasamba tatsopano taubweya.

Lamulo linkafuna kuti ntchito yotere iyesedwe ndi mmisiri wovomerezeka asanalumikize moto. Anabwera amalume Tembo, mnzawo wa abambo wa ku Zambia, ndi kabokosi kawo koyezera. Anagwada pamene paipi inatulukira, anasisita wayayo ndi chala, kenako anapukusa mutu.

"Mudala, nchito ni yaukhondo, koma uyu waya siwokhala pansi," anatero.

Anafotokoza modekha kuti paipi yokwiriridwa siikhala youma, madzi amapeza njira, ndipo chikopa cha waya wotuwa n'cha m'nyumba. Pouma wayayo akhoza kudutsa m'paipi, bola asathinane ndi anzake chifukwa amatentha. Koma pansi pamafunika waya wakuda wokutidwa ndi zitsulo, ndi tepi yachikasu pamwamba yochenjeza wodzakumba.

"Kwathu ndinkatero, palibe nyumba inapsa," anatero abambo.

"Kwanu mvula ili na nyengo yake. Kuno dothi siliuma."

Ine ndinangomva chimodzi, choti maungu anga azulidwa. Ndinawakalipira amalume m'Chingerezi, misozi ili mbwembwembwe.

"Chisomo, akulu sitiwayankha choncho," anatero abambo. Sanakweze mawu, ndipo sanatsutsenso kanthu.

Loweruka lotsatira anayambiranso kukumba, koma mluzu panalibe. Asanalase fosholo, anazula maungu anga limodzi ndi dothi lake n'kuwaika m'zidebe. Ena anafota, awiri anagwira. Atasolola waya wotuwa uja, m'paipi munatsika timadzi takuda. Anayang'ana timadzito nthawi yaitali, kenako anapukuta manja pa thalauza. Waya watsopano anali wolemera, wouma khosi, ndipo amalume anabwera kudzathandiza kumupinda. Ankawasonyeza abambo kamangidwe ka kumapeto kwake, abambo akufunsa mafunso ngati mwana wasukulu, zomwe zinandichititsa manyazi.

Masamba a mitengo atayamba kufiira, getsi linayaka kushedi. Amayi ankafika m'mawa, kuvula nsapato pakhomo, kuyatsa hita, n'kugona mpaka ife titaweruka. Nkhope yawo inayamba kudzaza.

Pa nthawiyo ndinkati abambo anagonja, ndipo ndinawasungira amalume mkwiyo mpaka Khirisimasi. Lero ndafika msinkhu umene abambo anali nawo, ndipo ndikudziwa kuwawa kwake kuuzidwa kuti zimene manja ako amadziwa sizikwanira kuno, mwana wako akumva. Akanatha kulimbikira, kapena kulumikiza okha mwakachetechete. Koma m'chipinda chimenecho mumadzagona mkazi wawo, atatopa moti sakanamva ngakhale fungo la utsi. Ndiye anatenga fosholo.