Abel ndi Mtsikana Wakuba Mvula

Anzanga, Abel ndinakumana naye mu taxi yochokera ku Mwami kubwera m'tauni.

Ndinapita kuboda kukatenga mawigi a ku salon kwanga. Tinapanikizana kumbuyo, koma ine maso ali pabuku. Mukundidziwa kale, ine ndi manovel a fantasy sitisiyana.

Bukulo linali la mtsikana wotchedwa Orima, wa m'dziko limene mvula yonse ndi ya mfumu, yotsekeredwa m'mitsuko yamkuwa. Orima amaba mvulayo kuti anthu akwawo asafe. Nditafika pamene asilikali agwira mlongo wake, iye n'kuthawa osacheuka, ndinakuwa osadziwa.

"Iwe Orima iwe!"

Taxi yonse inafa nacho chiseko.

"Sister, wakulakwirani ndani?" anafunsa mnyamata amene anakhala pafupi nane. Shati yoyera, kafungo kabwino, clearing agent wothandiza anthu kuolotsa katundu paboda pomwepo.

Ndinamufotokozera nkhani yonse mpaka tinafika ku Kapata. Potsika anati, "Mukamaliza mundibwerekeko."

Ine buku langa sindibwereketsa, ngakhale mng'ono wanga Pemphero amadziwa. Koma Abel ndinamupatsa, ndi nambala yomwe.

Patapita masiku anayimba.

"Millicent, Orima uja si wouma mtima ayi. Watopa. Aliyense akufuna mvula kwa iye, koma palibe amene anamufunsapo ngati wadya."

Anzanga... ndinakhala pansi. Chipata yonseyi ndinali ndisanapezepo munthu wolankhula za buku chotero. Anyamata ena akandiona ndikuwerenga amangoti, "Nthano za ana izo." Uyu anamumvetsa Orima, ndipo ndinaona ngati wandimvetsa ine.

Chikondi chinayambira pamenepo.

Ankabwera ku salon ndi chips, n'kumakangana za Tesk, wopalasa bwato amene amathandiza Orima kuthawa. Ine Tesk ndinkadana naye chifukwa cha mabodza ake.

"Tesk amanama chifukwa cha mantha," Abel ankatero. "Anakulira kumene choonadi chimaphetsa."

Ndinamupatsa buku lachiwiri. Ndinapita naye kwa azakhali anga, anadya nkhuku yawo, n'kuwauza kuti, "Auntie, a kwathu abwera posachedwa."

Nthawi zina ndikamufunsa za chapter inayake ankati, "Ndikuyankha mawa baby, ndiganizire kaye." Ine n'kumanyadira kuti ndapeza mwamuna wakuya maganizo!

Loweruka lapitali kunabwera mayi wina woyembekezera kudzaluka tsitsi. Anati dzina lake ndi Ireen, ndi mphunzitsi ku Chipangali. Ndili mkati momuluka, anaona buku lachitatu pagalasi.

"Eee! Lachitatu linatuluka? Asisi, musandiuze chilichonse, ndili pa lachiwiri!"

Ndinakondwa ngati mwana. Tinayamba kucheza, makasitomala ena atangoti kukamwa yasa. Ndinamufunsa ngati anamukhululukira Orima posiya mlongo wake.

"Mwana uja si wouma mtima," anatero Ireen. "Watopa. Palibe amene anamufunsapo ngati wadya."

Chipeso chinandigwa m'manja.

"Mabukuwo munawapeza kuti?"

"Amuna anga anandibweretsera, akuti anabwereka kwa mnzawo wa kuntchito ku Mwami. Iwo sawerenga olo tsamba, amagona pa page one. Koma tsiku lililonse amayimba, 'Wafika pati? Nanga Tesk ukumuona bwanji?' Abel ameneyo, amandiseketsa."

Ndinatuluka panja n'kumuyimbira Abel.

"Bwera ku salon, pali surprise."

Anabweradi, akumwetulira, chips m'manja. Atangolowa n'kuona mkazi wake pampando, anauma pakhomo.

"Bambo a Tamanda, mukutani kuno?" anafunsa Ireen.

Bambo a Tamanda! Kuteroko mwana wina alipo kale.

"Auzeni," ndinatero. "Auzeni mnzanu wa kuntchito uja ndi ndani. Auzenso zimene munalonjeza azakhali anga."

"Millicent, tsitsa mawu, pali anthu..."

"Anthu? Tesk amanama chifukwa chani, Abel? Yankha wekha, aphunzitsi ako ali pomwepa!"

"Buku lalikulu lija ndikanaliwerenga nthawi yanji? Ndinangofuna chokamba nawe basi. Si nkhani yaikulu."

Si nkhani yaikulu!

Ndinamulanda chips zija n'kuziponya mumsewu. Zimene ndinamunena sindingazilembe pano, azakhali amawerenga page ino.

Ireen sanakuwe. Anadzuka pang'onopang'ono atagwira mimba yake, tsitsi lolukidwa mbali imodzi, n'kufunda chitenje kumutu. Pakhomo anandiyang'ana.

"Ndinkaona ngati amuna anga ayamba kufuna kumva maganizo anga," anatero. "Kani ankatuta kupita nawo kwa inu."

Anapita. Abel anamuthamangira, ine osandiyang'ananso.

Dzulo mwamuna wopanda manyaziyu ananditumizira message: "Tikambirane ngati akuluakulu." Ndamublocka. Mabuku anga awiri aja abwera ndi wakabaza, atakutiridwa bwino ndi pepala la khaki. Ndikudziwa kuti si Abel anawakutira.

Chikundiwawa kwambiri n'chiyani, mukudziwa? Mawu onse amene anandigwetsa m'chikondi anali a mkazi wake. Mayi wapakati, akuweruka kusukulu atatopa, n'kumawerenga kuti mwamuna wake apeze chonyengera ine.

Munthu mmodzi yekha m'dera lino amene akanakhala mnzanga weniweni, lero akandiona pamsika adzatembenukira kumbali. Ndipo sindingamudzudzule.

Anzanga, mwamuna akamalankhula zokufikani pamtima, musafulumire kumutsegulira. Mufunseni pomwepo, maso ndi maso, asanapeze mpata woyimba foni.