Mano Anga Si a Makedzana

Mawu oti makedzana ndinkawakonda ndili pasukulu. Aphunzitsi a Chichewa anatiuza kuti si dzulo, si dzana, si chaka chatha, koma nthawi imene makolo ankavala nyanda, imene palibe wamoyo lero anaiona ndi maso. Ine chimangirizo chilichonse ndinkachiyamba ndi mawu amenewo, ngakhale cha ulendo wa kumsika. Lero ndikawamva pa wailesi ndimalavula.

Amuna anga anali a ku Nsanama, anabwera chikamwini kwathu ku Rivirivi. Kumenya kunali ngati moni kwa iwo. Tsiku lina ndinachedwa kudimba, ndikuthirira tomato. Ananditsatira komweko, ati ndimacheza ndi mwini dimba loyandikana nalo. Ndisanayankhe n'komwe, mpini wa khasu unandipeza pakamwa, phwa! Ndinagwera m'mizere ndikulavula magazi pamodzi ndi mano akutsogolo. Anandiponda m'nthiti mpaka amayi otunga madzi kumtsinje anakuwa, amuna angawo n'kuthawira kwawo ku Nsanama.

Mvula inagwa, tinakolola. Kenako masana ena ndinangoona anthu akulowa pabwalo: amuna anga aja ndi ankhoswe awo, mkulu wa mpingo woyankhula ngati akuwerenga buku. Atsibweni anga, omwe ndi ankhoswe anga, anawalandira ndi manja awiri, n'kuwapatsa mipando. Nkhani inali imodzi, yoti bamboyo abwerere m'nyumba mwanga.

"Mayi," anatero mkulu uja, "banja n'kupirira. Zija n'zamakedzana, tisazifukule."

Atsibweni anagwedeza mutu kuvomereza. Ha! Mtima wanga unawira. Makedzana? Ine ndikutafunira chimanga kumbali ngati nkhalamba, nthiti zikundibaya kukazizira?

Ndinanyamuka pamkeka, ndinakagwada patsogolo pa mkuluyo, n'kuyasama pamaso pawo penipeni.

"Taonani, abambo. Makedzana anu ndi amenewa? Amene anandigulula manowa ankavala nyanda, kapena ndi awa akhala apawa ndi malaya ositasita?"

"Khala pansi iwe," anatero amuna anga. "Ukundichititsa manyazi."

"Iyayi, sindikhala. Manyazi munawadziwira kuti inuyo?"

Anadzuka atanyamula mpando womwe anakhalirawo. Mkulu uja anati alowe pakati, mpando n'kuwatera pachipumi, go! Anagwa chagada, magazi chuchuchu pakolala yoyera. Amuna anga sanawacheukire n'komwe. Anandigwira pakhosi n'kundikanikizira kuchipupa, m'maso mwanga n'kuyamba kuda. Ndinachita mantha, sindibisa, ndinadziwa kuti lero ndafa anthu akuona. Ndinawakanda, ndinawaponda, dzanja litaterereka ndinaliluma ndi mano otsalawo, akumbali, mpaka ndinamva fupa. Atsibweni anatola munsi pamtondo n'kuwamenya nawo pamsana. Anagwa, aneba amene anathamangira phokosolo n'kuwamanga ndi chingwe cha mbuzi.

Ndinakhala pansi ndikutsokomola, mawu osatuluka. Mkulu uja anadzuka, anakhala tsonga, akudzipukuta ndi mpango. Ndinkadikira kuti mwina apepesa. Munthu wake uti! Anayang'ana atsibweni n'kunena mofatsa, ndi mawu awo a m'buku omwe aja.

"Mitima ikazizira tidzabweranso, tidzakambirane bwinobwino."

Atsibweni anatembenukira kwa ine. Anandiyang'ana pakhosi, pomwe zala zinali zitalemba, munsi ukadali m'manja.

"Musadzabwerenso," anatero. "Mwana wa mlongo wangayu ndikufuna adzandiike m'manda ndi iye, osati ine kumuika iyeyu."