Neti ya Enelesi

Ndikukumbukira dzinja limene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, kwathu ku Magodi, chaka chimene adada analima fodya wochuluka kuposa manja a pakhomo pathu. Mvula inagwa yosaleka. Dambo la kuseri kwa nyumba linasefukira, paliponse pamene ng'ombe yaponda panatsala kachithaphwi, ndipo udzudzu unaswana ngati wochita kutumidwa. Dzuwa likangopendeka unkayamba kulira m'makutu. Amama ankafukiza ndowe zouma pa phale mpaka tonse kutsokomola ndi kulengeza misozi, koma utsi ukatha udzudzu unkabwerera pomwepo. Amama ankauopa udzudzu kuposa njoka, chifukwa mlongo wanga wamkulu anamwalira ndi malungo ine ndisanayambe sukulu.

Maneti olandira ku kiliniki tinali nawo awiri. Ina ankagonamo adada, amama ndi mng'ono wanga wakhanda. Yanga adada anaitenga kukatchingira nazale ya fodya kuti nkhuku zisapase mbande, ndipo pobwerako inali sanza zokhazokha. Sindinadandaule, adada sankayankhidwa.

Chaka chimenecho kunabwera a Naphiri, mayi wamasiye wa ku Kasungu, kudzagwira ntchito ya fodya kwa adada. Anadutsa malire a dziko wapansi, khanda kumbuyo, mtolo pamutu, ndipo pambuyo pawo pankabwera mwana wawo wamkazi, Enelesi, wa msinkhu wanga. Adada anawapatsa kachisakasa pafupi ndi chigafa choyanikamo fodya. Kanali kothina ndiponso kodontha, choncho amama anati Enelesi azigona ndi ine. A Naphiri anagwada, anathokoza, kenako anamasula mtolo wawo n'kutulutsa neti yobiriwira. Inali yokhayo imene anali nayo.

"Atsikanawa azigonamo," anatero. "Ine khungu langa ndi lakale, ndipo kamwanaka ndizikafunditsa chitenje."

Ndikufuna zimveke kuyambira pano kuti neti ya m'nkhani ino sinali yanga.

Inali yaing'ono, ya munthu mmodzi, ndipo chakumutu inali ndi chibowo chopsa ndi koloboyi chimene anachimanga ndi luzi koma osatsekeka bwino. Tikagona awiri, chigongono kapena bondo linkagunda neti, udzudzu n'kuluma pomwepo. Masabata oyamba tinkadzuka tonse tikukanda, tikuseka, tikuwerengana zotupa. Ine ndinkamuphunzitsa Chitumbuka, iye n'kumandiluka tsitsi. Tinali paubwenzi ndithu, ndipo zimenezi n'zimene zimandiwawa kwambiri.

Enelesi sankapita kusukulu. Tsiku lonse ankakhala m'chigafa akusoka masamba a fodya, zala zake zakuda bii ndi utomoni. Ankasoka mofulumira kuposa azimayi ena akuluakulu. Loweruka lina, anthu onse ali pomwepo, amama anakweza mkangala, ndodo yopachikapo fodya, umene iye anadzaza n'kundiyang'ana.

"Taonga, ona mnzako. Iwe wangokhala manja lende ngati mlendo."

Anthu anaseka. Enelesi anangowerama, koma ine mtima unawira. Mwana wa mwini munda kusekedwa chifukwa cha mwana wa tenanti, wantchito wa pamunda! Madzulo tikukonzeka kugona ndinamuuza kuti atuluke m'neti chifukwa akununkha fodya. Anayesa nthabwala, anaseka. Ndinamukankha ndi mapazi onse awiri mpaka anagubudukira kunja, kenako ndinalowetsa mphepete mwa neti pansi pa mphasa. Anagona pa thumba pafupi ndi ine.

M'mawa ndinadzuka wopanda chotupa ngakhale chimodzi, koyamba chiyambire mvula. Enelesi zikope zinali zitatupa, masaya ali mabamphumabamphu. Titapita kuchitsime mayi wina anamugwira chibwano n'kumutembenuza uku ndi uku.

"Uyu magazi ake ngokoma," anatero. "Anthu otere udzudzu umasiya mudzi wonse n'kutsata iwo okha."

Azimayi anaseka n'kupitiriza kutunga. Ine sindinaseke, ndinatolapo nzeru. Ndinali nditaonapo anyamata akuika nsawa pa msampha wa mbewa, ndipo ndinazindikira kuti nanenso ndapeza nyambo. Enelesi akagona kunja kwa neti, udzudzu sukanavutika kufunafuna chibowo chija.

Mkwiyo wa Loweruka uja unatha tsiku lomwelo. Zimene zinatsatira ndinazichita mtima uli m'malo. Madzulo achiwiri Enelesi atakweza neti kuti alowe, ndinamugwira dzanja.

"Malo ako ndi apo. Ukangonena, ndikawauza adada kuti amako amabisa fodya m'chitenje kukagulitsa kwa mavenda."

"Amayi anga saba," anatero.

"Adada akhulupirira ndani, iwe kapena ine?"

Tonse tinali titaona zimene zinachitika pamunda woyandikana nafe, pamene tenanti wina anamuganizira zakuba n'kumuthamangitsa tsiku lomwelo, mvula ikugwa, ana ake akulira pambuyo. Enelesi anatsitsa neti yake n'kukagona pa thumba.

Anayesa kudziteteza. Anadzikulunga chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati mtembo, ndipo tsiku limenelo udzudzu utasowa pomuluma unapeza chibowo chija n'kundiluma patsaya. Madzulo otsatira ndinamulanda chitenjecho n'kutsekera chibowo. Anatsala ndi kadiresi kake kofika m'mawondo.

"Taonga, miyendo yokha ilowe," anandipempha.

Ndinati ayi. Ndinkamumva mumdima akudziwomba, pha, pha, pamwendo, pakhosi, pamphumi, nthawi zina akulira motsitsa kuti asadzutse akuluakulu. Ndisaname, ine ndinkagona tulo tokoma. Kukacha ndinkafulumira kukweza neti ndi kupinda thumba lija amama asanasuzumire. Pakhoma, mbali imene iye ankagona, panadzaza timadontho ta magazi. A Naphiri ataona zilonda m'miyendo ya mwana wawo anati mwina amalumidwa madzulo kuchigafa, ndipo anamupaka mafuta ophikira. Zinatero kwa masabata atatu.

Tsiku lina masana Enelesi anasanza m'chigafa n'kugona pansi atagwira mutu. Inali sabata yothyola fodya wambiri, aliyense ali piringupiringu. Abambo ena anati ndi fodya wamuwisi, pakuti masamba onyowa amaledzeretsa ana, ndipo zinali zoona kuti zotere zinkachitika. Koma a Naphiri atamugwira pamphumi anapita kukagwada pamaso pa adada.

"Bwana, thupi latentha kwambiri. Kodi si malungo amenewa?"

Kiliniki inali kutali, ndipo ngolo yathu inali yodzaza masamba oyenera kulowa m'chigafa tsiku lomwelo. Adada anapukuta thukuta n'kutembenukira kwa ine.

"Taonga, mnzakoyu amagona m'neti?"

Anthu onse anasiya kusoka. Enelesi, ali chigonere pa thumba, anandiyang'ana ndi maso ofiira. Sanandipemphe kanthu ndi maso amenewo, ankangodikira. Ndikanati ayi, ngolo ikanatsitsidwa fodya nthawi yomweyo, chifukwa adada anali ouma mtima koma malungo ankawadziwa. Koma ndikanati ayi, akanandifunsanso chifukwa chake.

"Eya, adada," ndinatero. "Masiku onse."

"Mwamva, a Naphiri? Nanga malungo alowera pati? Mupatseni mapiritsi a mutu, agone."

Panapita masiku awiri. A Naphiri anamutengera kukachisakasa kwawo, akumuika nsalu yonyowa pamphumi, masana akubwerera kukasoka. Ine ndinkadya, ndinkapita kusukulu, ndinkagona ndekha m'neti. M'mawa wa tsiku lachitatu tinamva kukuwa. Titathamangirako tinapeza Enelesi atauma gwa, maso atatembenuka, thovu kukamwa, miyendo ikugwedezeka yokha. Adada anakhuthulira fodya pansi ndi manja awo, anamanga ng'ombe, ndipo anazikwapula njira yonse ngati zalakwa ndi izo.

Ku kiliniki anangomuona n'kumutumiza kuchipatala cha ku boma. Anati ndi malungo a m'bongo, ndipo namwino anawakalipira a Naphiri chifukwa chochedwa naye mwana. Iwo anavomera kuti alakwa.

Enelesi sanafe. Anabwerako patatha masabata awiri, ataonda, akuyenda pang'onopang'ono. Tonse tinati Mulungu ndi wamkulu. Koma tsiku lomwelo a Naphiri anamuitana ali kumbuyo kwake, iye osacheuka. Anaitananso mokweza. Kenako beseni linawapulumuka m'manja n'kugwera pamwala, nkhuku zinabalalika, khanda linalira, koma Enelesi anapitiriza kuyang'ana kudambo. Makutu onse awiri anali atatsekeka.

Madzulo amenewo ndinamukwezera neti ndekha. Anaima kanthawi, kenako analowa n'kundifulatira. Ndinasendera pafupi ndi khutu lake n'kunena kuti pepa. Ndinabwereza mokweza pang'ono. Ndinamuuza kuti za fodya zija ndinkangomuopseza, sindidzanena kwa adada, akhoza kuulula zonse ngati akufuna. Ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma. Iye sanamve liwu ngakhale limodzi, ndipo kuwerenga sankadziwa kuti ndimulembere. Mawu anga omaliza amene anawamva bwinobwino anali aja a m'chigafa. Kulankhula ankatha, mokweza ndi mokhotakhota, koma za neti sanauze munthu aliyense. Ndikhulupirira kuti mpaka tsiku lochoka ankatetezabe ntchito ya mayi ake.

Fodya atatha, a Naphiri anamanga mtolo wobwerera kwawo. Atatsanzikana ndi amama anandiitana, anatenga neti ija yochapidwa ndi yopindidwa bwino, n'kuiika m'manja mwanga.

"Mwana wanga munamusunga ngati m'bale wanu," anatero. "Ndilibe china chokuthokozerani."

Ndinalandira ndi manja awiri, ndinagwada, ndinati yewo, zikomo wa kwathu. Enelesi anaima pambali pa mayi ake akundiyang'ana, osakwiya, osamwetulira. Anatembenuka n'kulowa njira ya kumalire, ndipo sindinamuonenso. Palibe amene anandimenya kapena kundikalipira. Neti ija ndinagonamo zaka zina zitatu, pakuti ina panalibe.

Nkhaniyi ndinaisunga ndekha mpaka nditakula, nditakhala mphunzitsi ku boma kuno, ndili ndi ana anga awiri. Chaka china patchuthi ndinapita kumudzi, adada atamwalira kale. Tinakhala pakhonde ndi amama tikusenda nsawa, ndipo ndinangoyamba kufotokoza. Ndinanena zonse, za thumba, za chitenje, za yankho la m'chigafa. Ndinkalira ngati kamwana. Ndinkafuna andikalipire, ngakhale kundimenya kumene, kuti mwina katunduyu apepuke.

Amama sanasiye kusenda.

"Ndinkamumva," anatero. "Khoma la pakati lija silinkafika kudenga."

Ndinawayang'ana. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanadzukire ngakhale tsiku limodzi, ndi chifukwa chimene anakhalira chete m'chigafa muja adada akundifunsa.

"Neti inali ndi chibowo, ndipo ine ndinali nditaika kale mwana mmodzi m'manda," anatero. "Iwe ndiwe unali wanga. Patse lichero ilo."

Ndinawapatsa lichero. Tinamaliza nsawa zija.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti ndinali mwana woipa m'nyumba ya anthu abwino. Tsopano ndikudziwa kuti nkhanza zanga sindinazitole kutchire. Adada anaona kuti mbande za fodya zikufunika neti kuposa ine, amama anaona kuti ine ndikufunika neti kuposa mwana wa tenanti, ndipo ine ndinangomaliza zimene nyumba yathu inkachita kale. Izi sizikundichotsera mlandu. Amene anakankha ndi mapazi ndine, amene anati eya ndinenso. Koma ndazindikira kuti munthu akhoza kuwononga mnzake popanda kukwiya, akungoteteza wake, n'kugona tulo mpaka kucha. Amama ankandikonda, ndipo chikondi chimenecho anachilipira ndi Enelesi.

Panopa pakhomo panga pamakhala mwana wamasiye wa achimwene a amuna anga. Madzulo alionse ndimayamba ndi neti yake, kuyang'ana zibowo ndi kulowetsa mphepete pansi pa matiresi, kenako ndiye ya ana anga. Amuna anga amandiseka kuti ndimachita ngati wa zaumoyo. Udzudzu ukandilirira pakhutu ndimadzidzimuka n'kuuthamangitsa usanandilume, monga amachitira aliyense. Enelesi, ngati ali moyo ku Kasunguko, saumva n'komwe ukamabwera.