Amuna Atatu Chinjutire pa Lifuwu

Lachiwiri lapitali ndinapita ku Lifuwu kukaona amalume anga, a Saidi. Iwowa ndi mlimi wa mpunga, munthu wanthabwala woti akhoza kukuseketsani mpaka tiyi kutulukira m'mphuno. Ndinawapeza pakhonde akusoka thumba, ndipo tisanamalize n'komwe kulonjerana anali atayamba kale kundifunsa ngati mimba yangayi ndinailipirira mpando wakewake m'basi.

Tili mkati moseka, pabwalo panatulukira mlangizi watsopano wa zaulimi, a Phiri, atavala malaya a khaki ositidwa bwino, kope lili m'manja.

Amalume anaponya thumba uko. Ndisanaphethire n'komwe anali atatsika pakhonde, atanjuta pansi, manja pamutu, maso kudothi.

A Phiri ndi munthu woleredwa bwino. Ataona munthu wamkulu wanjuta, anayesa kuti ndiwo malonje a kuno, nawonso ananjuta. Amalume anatsikirako pang'ono. A Phiri nawo anatsikirako. Nanga ine ndikanatani? Ndinanjutanso.

Akazi awo a amalume, mayi Asiyatu, anatuluka m'nyumba ndi lichero m'manja, n'kutipeza amuna atatu tili chinjutire pakati pa bwalo.

"Kodi abambo inu, mukuikira mazira?"

Tinaseka mpaka misozi. Amene anaseka kwambiri ndi amalume, uku akudzisasa fumbi.

"Pepani a mlangizi," anatero. "Mutuwu ukudziwa kuti ndinatuluka kalekale. Koma mawondowa palibe anawauza."

Apa ndikufotokozereni, awerengi, pakuti chaka chatha chomwechi, boma lisanasinthe, sindikanayerekeza kulemba zimenezi. Tsiku lina, zaka zambiri zapitazo, amalume ananena ali pabawo kuti msewu wathu umakonzedwa pokhapokha kukamabwera akuluakulu. Wina anakawanenera. Kunabwera galimoto, ndipo anakakhala m'ndende zaka zinayi osaonekera kukhoti. Kumeneko mkaidi akaona khaki ankayenera kunjuta. Akachedwa, chibonga chinkamukumbutsa.

Anthu ngati amalume timangoti "anabwerako mutu utasokonekera," ngati kuti ndi malungo amene anawagwira okha mwatsoka. Koma kodi ananjutitsidwa ndi munthu mmodzi? Panali wokanena, panali wolemba dzina, wina anayendetsa galimoto, wina anatseka chitseko. Mukawafunsa lero, aliyense akuuzani kuti ankangogwira ntchito yake. Ndipo lamulo la kunjutalo silinapangidwire a Saidi okha. Linkadikira aliyense wolowa pakhomo lija.

Mayi Asiyatu anatiyalira mphasa natipatsa tiyi, kenaka anayamba kuyankhula akupeta mpunga, osatiyang'ana.

"Awa bola amanjuta, anthu n'kuona kuti anavulala. Ine ndinkati ndikafika pachitsime, amayi anzanga ankasenza ndowa zosadzaza n'kumapita. Mpunga unacha m'munda, sipanapezeke ndi mmodzi yemwe wondithandiza kumweta. Mpaka lero galimoto ikaima pamsewupo, ndimasiya zonse n'kukasuzumira pazenera."

A Phiri anatseka kope lawo. Anati bambo awo ndi mphunzitsi wopuma, sanamangidwepo ngakhale tsiku limodzi, koma mnzawo wa pasukulu atatengedwa anatentha makalata onse a m'nyumba. "Ife ana tinakula tikunong'ona," anatero. "Mkazi wanga amandifunsa kuti ndimanong'onezeranji popempha mchere."

Tinasekanso. Koma taonani: womangidwa anali mmodzi, ovulala tawerenga kale atatu, pakhonde limodzi lokha. Nanga kuchokera ku Lifuwu kukafika kwa Maganga makonde alipo angati? Amayi aja othawa pachitsime sanali oipa mtima. Ena mwa iwo anawachezera mayi Asiyatu pobereka mwana wawo woyamba. Anangophunzitsidwa kuti moni akhoza kumangitsa munthu, ndipo phunziro lotere silichoka m'mudzi tsiku limene mkaidi watuluka. Timalipatsira ana athu osadziwa.

Wachinayi ndine.

Zaka zinayi zonsezo ndinkagwira ntchito ya ukalaliki pa boma la Salima, mtunda woti munthu wapanjinga apita n'kubwerako tsiku lomwelo. Koma pakhomo pa amalume sindinapondepo. Ndinkaopa kuti dzina langa lingalembedwe pafupi ndi lawo. Amalume atatuluka ndinangoyambiranso kubwera ngati kuti ndinali kuno dzulo, iwo osandifunsa, ine osanena kanthu.

Lachiwiri lija, a Phiri atapita ndi amalume kukaona munda, ndinatsala ndi mayi Asiyatu.

"Amayi, nthawi ija sindinabwere. Ndinalakwa."

Anaika lichero pansi nandiyang'ana.

"Ndinkadziwa kuti ukuopa, mwanangu. Tonse tinkaopa. Koma ukanangodutsa pamsewupo n'kuliza belu la njinga kamodzi, ndikanadziwa kuti ndikadali ndi abale." Kenaka anamwetulira. "Alhamdulillah, wanena. Ndiwe woyamba. Tsopano tenga musiwo undithandize kusinja, usangokhala ngati mlendo."

Ndinasinja mpaka manja kutuluka matuza, iwo akundiseka kuti akalaliki sadziwa kugwira musi. Ndinabwerera kunyumba mtima utapepuka kuposa mmene wakhalira zaka zonsezi.

Nanga inu awerengi, ndi khomo liti limene munkalilambalala masiku aja? Likadalipo. Mupita liti?